Musanatsitse nyale yoyamba pa siteshoni

Inu amene mwatuluka kumene ku Soche, ku Lilongwe Technical kapena ku MUBAS ndi pepala la zamagetsi m'manja, pali ntchito ina imene ikubwera, ndipo ena a inu idzakupezani musanaikonzekere. Ndi ntchito yochotsa nyale zakale m'masiteshoni a sitima, m'madepoti a mabasi ndi m'mabwalo a ndege n'kuikamo za LED. Eni malo ambiri sakuchita kufuna, akukakamizika. Mayiko a m'pangano la Minamata, lija lolimbana ndi poizoni wa mercury, anagwirizana ku Geneva mu 2023 kuti pomatha 2027 machubu a fulorosenti asamapangidwenso kapena kugulitsidwa kumayiko ena. Mayiko a European Union anatseka kale msika wa machubu a T5 ndi T8 mu Ogasiti 2023. Mafakitale akasiya kupanga, machubu adzayamba kusowa m'sitolo za ku Limbe ndi ku Malangalanga, ndipo bwana amene wakhala akuzengereza adzaitana wamagetsi. Wamagetsiyo ndinu.

Bwanayo adzakuuzani kuti akufuna bilu itsike. Muvomere, chifukwa idzatsikadi. Koma mumtima mudziwe kuti amene mukumugwirira ntchito ndi mayi wobereka mwana kumbuyo, mtolo uli pamutu, amene akutsika masitepe a siteshoni tambala asanalire. Ndi gogo amene akuyesa kuwerenga chikwangwani cha basi ya ku Mzuzu. Ndi woyendetsa sitima amene akufunika kuona ngati pali phazi la mwana m'mphepete mwa pokwerera. Nyale ya pa siteshoni ili pamenepo kuti munthu aone popondapo ndiponso nkhope ya amene akubwera kutsogolo kwake. Amene amayamba ndi kuwerengera mawati amapulumutsa ndalama n'kusiya anthu mumdima. Amene amayamba ndi maso a anthu amapulumutsabe ndalama, kungoti sizifika pomwe wogulitsa nyale analonjeza.

Ndikutengereni ku New York pang'ono, ku siteshoni ya Grand Central, chifukwa mbiri ya nyumba imeneyo ndi mbiri ya kuona ndi kusaona. Mu Januwale 1902, sitima ya malasha inawomba inzake kumbuyo mu ngalande ya pansi pa msewu wa Park Avenue. Utsi ndi nthunzi zinali zitadzaza ngalandeyo moti woyendetsa sanaone nyale zomuchenjeza kuti aime, ndipo anthu osachepera 15 anafa. Boma la chigawocho linaika lamulo loti pofika 1908 sitima za malasha zisamalowenso m'dera limenelo. Njanji anaziikira magetsi, ndipo siteshoni yatsopano, yomwe ili ndi malo okwerera 44, inatsegulidwa mu Febuluwale 1913. Eni ake anali onyadira magetsi kwambiri moti mababu masauzande anawasiya pamtunda, osawaphimba ndi galasi lililonse, kuti aliyense wolowa aone kuti muno mulibe nyale ya gasi.

Kudenga kwa holo yaikulu anajambulako nyenyezi pafupifupi 2,500, ndipo 59 mwa izo zimayaka. Poyamba zinkayaka ndi timababu wamba. Pokonzanso nyumbayo m'zaka za m'ma 1990 anaikamo kuwala koyenda mu ulusi wa galasi, koma patapita zaka nyenyezizo zinazilala, ndipo mu 2010 anaikamo LED. Mababu apamtunda aja nawonso anasinthidwa cha mu 2008, n'kuikapo aja tinkawatcha osunga magetsi, a CFL. Anthu anawaombera m'manja. Lero mtundu umenewo nawo uli pamndandanda wa zoletsedwa chifukwa cha mercury yemweyo. Zopachikapo mababu za mu 1913 zikadalipo, koma choyaka m'kati mwake chasintha kangapo. Choncho mukamaika nyale zanu, musaganize kuti mukuika zomaliza. Wina adzabwera kudzachotsa zanuzo, ndipo adzakutukwanani kapena kukudalitsani malinga ndi mmene munazimangira.

Pali chinanso pa denga limenelo. Pamene ankalitsuka m'zaka za m'ma 1990, anasiya kachigamba kamodzi kosatsuka kuti anthu aziona mmene linadera. Holoyo inawala kwambiri atangoitsuka. Ndimakumbukira zimenezi nthawi zonse munthu akandiuza kuti depoti yake ndi yamdima choncho akufuna nyale zamphamvu. Kawirikawiri denga limakhala lakuda ndi utsi wa dizilo, makoma sanaone penti chimangire, ndipo magalasi a nyale adzaza fumbi ndi ulusi wa akangaude. Khoma loyera limabweza kuwala, lakuda limameza. Ndowa zingapo za penti yoyera zikhoza kukupatsani kuwala kumene mukanagulira nyale zina khumi. Wogulitsa nyale sadzakuuzani zimenezi, si ntchito yake.

Ndiye musanakwere makwerero, pitani pamalopo usiku. Osati madzulo dzuwa likulowa, koma usiku weniweni, komanso m'bandakucha pamene mabasi oyamba akudzaza. Tengani kamita koyezera kuwala, kaja kamawerenga ma lux, mukaike pansi pomwe anthu amaponda, osati pamwamba pa tebulo. Yezani pamasitepe, m'mphepete mwa pokwerera, pogulira matikiti, kuseri kwa zipilala, panjira ya kuchimbudzi. Lembani manambalawo papepala lojambulapo mapu a siteshoniyo. Mukatero funsani alonda kuti amaopa pati. Funsani amayi ogulitsa nthochi ndi mandasi kuti n'chifukwa chiyani onse anaunjikana mbali imodzi. Funsani wosesa kuti ndi nyale ziti zimene zinafa kalekale. Anthu amenewa alibe mapepala a sukulu, koma amadziwa mdima wa pamalopo kuposa injiniya aliyense wobwera ndi laputopu masana. Safunsa anadya phula.

Yezaninso magetsi amene nyale zakale zikudya, ndipo ngati n'kotheka muike mita yapadera pa mawaya a nyale kwa milungu ingapo ntchito isanayambe. Chifukwa chake n'chakuti bilu ya siteshoni imaphatikiza mafiriji a m'malesitilanti, mapampu a madzi, makompyuta ndi ketulo ya mlonda. Mukadzamaliza ntchito bwana n'kuona kuti bilu sinatsike monga ankayembekezera, adzati nyale zanu ndi zabodza, pamene mwina wina watsegula butchala yokhala ndi mafiriji atatu. Opanda nambala yoyambira, mulibe chodzitetezera. Ndipo musadabwe kupeza kuti gawo lalikulu la nyale zakale linali lakufa kale. Nyale yakufa sidya magetsi. Mukaika zatsopano zonse n'kuyaka, mwina bilu idzangotsika pang'ono. Muuzeni bwana zimenezi ntchito isanayambe, osati itatha.

Masamu ake si ovuta. Tiyerekeze holo yokhala ndi nyale 1,000, iliyonse ya machubu awiri a mawati 58. Mukaphatikiza zimene choki imadya, nyale imodzi imafika cha m'ma 130. Ya LED yopereka kuwala kofanana ikhoza kudya 60. Kusiyana kwake ndi mawati 70 pa nyale, makilowati 70 pa holo yonse. Chaka chili ndi maola 8,760, choncho ngati nyalezo sizizima usana ndi usiku, mwapulumutsa mayunitsi oposa 600,000 pachaka. Nambala yosangalatsa. N'chifukwa chake bungwe la MTA, loyendetsa sitima za pansi pa mzinda wa New York, linalengeza mu 2024 kuti lisintha nyale za fulorosenti zokwana 150,000 m'masiteshoni ake 472, ponena kuti lizipulumutsa pafupifupi madola 6 miliyoni pachaka. Ku India, kampani ya boma ya njanji inalengeza mu Marichi 2018 kuti masiteshoni ake onse okhala ndi magetsi asinthidwa kukhala a LED.

Koma tengani nambala yomweyo ya 8,760 muiike pambali pa lonjezo lolembedwa pa katoni, lakuti nyaleyi imakhala maola 50,000. Gawani. Sizikwana zaka 6. Ngati imayaka usiku wokha, zimakhala zaka 11 ndi miyezi. Wogulitsa akamati nyale izi mudzaiwala kuti zimasinthidwa, amakhala akunena za nyale ya kuchipinda chogona, osati ya m'njira ya pansi yomwe sizima. Ndiponso lonjezo limenelo silitanthauza kuti pa ola la 50,000 nyale idzathima. LED siifa ngati babu lakale, lomwe limati phwa kamodzi n'kuthera pomwepo. Imazilala pang'onopang'ono. Chizindikiro cha L70 chimene mumachiona pamapepala chimatanthauza kuti pofika nthawi imeneyo nyale idzakhala ikupereka magawo 70 pa 100 a kuwala kwake koyamba. Apa ndi pamene pali ngozi. Babu lakufa aliyense amaliona n'kukadandaula kuofesi. Holo yomwe ikuda pang'ono chaka ndi chaka palibe amene amaizindikira, mpaka gogo wina atagwa pamasitepe. Choncho powerengera nyale zofunika, werengerani kuwala kwa chaka chachisanu ndi chimodzi, fumbi lili pamwamba, osati kwa tsiku lodula riboni.

Ndipo chimene chimafa msanga mu nyale ya LED nthawi zambiri si timaso toyakato ayi. Ndi kabokosi kotchedwa driver, kamene kamasandutsa mavoti 230 a pawaya kukhala magetsi ofatsa amene timasoto timafuna. M'kabokosimo muli tizipangizo tomwe timadana ndi kutentha. Anthu amati LED sitentha chifukwa akaika dzanja kutsogolo samva kanthu, koma kutentha kumatulukira kumbuyo, n'chifukwa chake nyale zabwino zimakhala ndi msana wolemera wa aluminiyamu wokhala ndi timizere. Nyale yopepuka ngati chitini chopanda kanthu muziikayikira. Ganizirani denga la malata la depoti ya ku Nchalo kapena ku Salima mwezi wa Okutobala, nyale itapachikidwa chala chimodzi kuchokera ku lata. Maola olembedwa pa katoni anawayezera m'chipinda chozizira bwino. Funsani pepala losonyeza kutentha kumene nyaleyo imapirira, siyani mpata woti mpweya uzidutsa kumbuyo kwake, ndipo gulani nyale zimene kabokosi kake kamamasuka ndi sikuludiraiva. Zilipo zambiri zomatidwa kotheratu, zomwe kabokosi kakafa mumataya nyale yonse, timaso tili tamoyo. Ngati denga lili patali kwambiri, funsani ngati timabokosito tingaikidwe pansi, m'kabati yokhoma yofikirika ndi makwerero wamba. Mtengo weniweni wosinthira nyale ya pamwamba pa holo si wa nyaleyo, ndi wa nsanja yokwerapo, anthu anayi, ndi kutseka theka la siteshoni.

Tsopano za kwathu kuno, zomwe kabuku kochokera ku Ulaya kapena ku China sikanena. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Nyale ya kuno iyenera kuyembekezera kuzima ndi kuyaka kwa magetsi kosawerengeka, jenereta yolowa ndi kutuluka, ndi ziphaliwali za dzinja. Pa mbali imodzi LED ndi dalitso. Nyale zazikulu zakale za metal halide, zija za mawati 400 zopachikidwa m'maholo, magetsi akangophethira zinkafuna mphindi khumi kapena kuposerapo kuti zizizire zisanayakenso, ndipo nthawi yonseyo khamu la anthu lili mumdima, akuba akugwira ntchito. LED imayaka pompopompo. Koma kabokosi kake n'kosachedwa kupsa mavoti akadumpha. Ikani zotchinjiriza mphamvu ya mphenzi pa bolodi lalikulu ndi pa mabolodi ang'onoang'ono, ndipo nyale za panja zikhale ndi zawozawo. Zonsezi sizigwira ntchito ngati waya wa pansi, wa earth, anadyeka kapena anabedwa. Muyezeni, musangomuyang'ana.

Palinso chinthu china chimene chimachititsa manyazi amisiri ambiri tsiku loyatsa. Mwachotsa nyale zodya magetsi ambiri, mwaika zodya pang'ono, ndiye mukuganiza kuti bureka yakale ikwanira, mwinanso n'kuwonjezera nyale pa waya yemweyo. Mukuyatsa, bureka yagwa. Mukuyatsanso, yagwanso, bwana ndi alendo ake akuyang'ana. Chimachitika n'chakuti timabokosi tija, pa kamphindi koyamba penipeni, timakoka magetsi ochuluka maulendo makumi angapo kuposa amene timadya tikakhazikika. Nyale zambiri zikayakira limodzi, bureka imaona ngati waya wagundana. Opanga nyale odalirika amalemba kuti pa bureka ya mtundu wakuti mungaike nyale zingati. Tsatirani nambala imeneyo, gawani nyale m'magulu oyaka motsatizana, ndipo musathamangire kuika bureka yaikulu kuposa mphamvu ya waya, chifukwa pamenepo mwasinthanitsa manyazi ndi moto. Yesaninso nyale zonse pa jenereta, osati pa magetsi a ESCOM okha. Ndinaonapo depoti ina, dzina sinditchula, pomwe zonse zinayenda bwino mpaka usiku woyamba magetsi atazima. Jenereta inalira, nyale zinayamba kuphethiraphethira ngati za m'bala, ndipo alonda anangozithimitsa n'kuyatsa matochi.

Za mtundu wa kuwala anthu amazitenga ngati nkhani ya kukongola chabe, koma sichoncho. LED yoyera kwenikweni ndi ya buluu. Kuwala kwa buluu kumeneku, komwe Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandirira mphotho ya Nobel mu 2014, kumadutsa mu kautoto kachikasu kopakidwa pamwamba, n'kutuluka koyera. Kautotoko kakakhala kosalimba kamasupuka, ndipo ndi zimene zinachitika m'mizinda ingapo ya ku America cha mu 2021, pomwe nyale za m'misewu zinasanduka zofiirira mwabuluu anthu n'kumadabwa. Pa katoni mudzaona manambala monga 3000K, 4000K ndi 6500K. Nambala ikamakwera, kuwala kumanka kuyera mwabuluu. Ogula ambiri kuno amakonda 6500K chifukwa m'sitolo imaoneka yowala kwambiri. M'holo yaikulu imatopetsa maso, nkhope za anthu zimaoneka ngati za odwala, ndipo imakoka tizilombo kuposa yofiirira pang'ono. Amene anakhalapo pansi pa nyale usiku wa ngumbi, kapena kunyanja nkhungu ikatera, akudziwa chimene ndikunena. Ine ndimasankha 4000K m'kati ndi pokwerera, 3000K panja pomwe pali nyumba za anthu pafupi. Chimene mungasankhe, chikhale chimodzi pamalo amodzi, ndipo mugule zonse nthawi imodzi, chifukwa nyale za nambala yofanana zochokera m'makatoni a miyezi yosiyana nthawi zina zimasiyana maonekedwe.

Yang'ananinso nambala ya CRI, yosonyeza mmene nyale imaonetsera mitundu ya zinthu. Isatsike pa 80. Pansi pa nyale zachikasu zakale za sodium, malaya ofiira ndi a bulauni ankaoneka chimodzimodzi, ndipo kamera ya chitetezo sinkathandiza wapolisi kudziwa kuti wakuba anavala chiyani. A MTA aja anatchula makamera awo 15,000 ngati chifukwa chimodzi chosinthira nyale. Kondakitala wowerenga chenji usiku ndi mayi wosankha tomato nawonso amadalira nambala imeneyi ngakhale sanaimvepo.

Koma cholakwa chimene ndimachiona kwambiri kwa amisiri achinyamata ndi kukonda kuwala kothobwa m'maso. Amatenga nyale zinayi zamphamvu kwambiri, kuzipachika m'makona, kuziloza m'maso mwa anthu, n'kunena kuti taonani, kwasanduka masana. Diso la munthu likayang'ana chowala kwambiri limadzitseka, ndipo zonse za m'mbali zimasanduka mdima. Pansi pa nyale pali mbee, kuseri kwa basi kuli bii, ndipo mdima umenewo ndi woopsa kuposa wakale chifukwa diso silingauzolowere. Nyale zambiri zofatsa, zotalikirana mofanana, zoloza pansi, zokhala ndi galasi lomwaza kuwala, zimaposa zochepa zaukali. Kumbukirani kuti okalamba amafuna kuwala kochuluka kuposa inu koma amavutikanso kwambiri ndi kothobwa. Abale athu achialubino, amene maso awo sapirira kuwala kolasa, amakweranso mabasi omwewo. Pamasitepe, kuwala kugwe moti m'mphepete mwa sitepe iliyonse muoneke. Pokwerera sitima, imani pomwe woyendetsa amakhala, kapena mupempheni kuti mukwere naye, muone ngati nyale zanu sizikumuthobwa kapena kubisa nyale zofiira ndi zobiriwira zomuuza zochita. Zimenezi sizioneka pa kompyuta. Ikani nyale zochepa kachigawo kamodzi kaye, zikhale milungu iwiri, mumve zimene oyendetsa ndi alonda akunena, kenako muitanitse zotsalazo.

Mudzauzidwa kuti njira yotchipa ndi kungochotsa chubu chakale n'kulowetsa cha LED m'chigoba chomwecho. Nthawi zina zimatheka. Koma onani kaye ngati chigobacho sichinachite dzimbiri ndiponso ngati timapulasitiki togwira chubu sitinaume n'kuyamba kuthetheka. Machubu ena amafuna kuti choki ichotsedwe ndipo mawaya alumikizidwe mwatsopano. Mukatero, matani chizindikiro chosafufutika m'kati mwa chigoba chonena kuti muno musaikemo chubu chakale. Mmisiri wobwera pambuyo panu sadzalota zimene munachita.

Nyale za padzidzidzi, zija zokhala ndi batire, musazisiye kunja kwa kotesheni ngakhale bwana atakwiya. Malo amene anthu mazana amadzazana, magetsi akazima pamafunika kuwala kowatsogolera kukhomo pa masekondi amene jenereta isanadzuke, komanso tsiku limene jenereta ilibe dizilo. Mabatire ake amatha pakapita zaka zochepa, choncho wina ayenera kumawayesa mwezi ndi mwezi n'kulemba m'buku. Za makina anzeru ozimitsa ndi kuyatsa okha, ndinena mwachidule. Kachipangizo koona kuti kwacha n'kuzimitsa nyale za panja n'kabwino, ndipo kamabweza ndalama zake msanga, poti madepoti ambiri nyale zimayaka dzuwa lili paliwombo. Kuchepetsa kuwala pakati pa usiku pomwe palibe sitima n'kwabwinonso, bola kusafike pozimiratu, chifukwa palibe mayi amene angalowe m'njira yamdima pokhulupirira kuti nyale imuona n'kuyaka. Koma makina ofuna laputopu ndi katswiri wochokera ku Johannesburg kuti asinthe nthawi yoyaka, tsiku lina mlonda adzawalambalala ndi kawaya, ndipo sindingamudzudzule.

Siteshoni si nyumba yopanda anthu. Mudzagwira ntchito pamwamba pa mitu ya apaulendo, kapena m'maola ochepa a usiku pakati pa sitima yomaliza ndi yoyamba. Sitima za pansi za ku New York sizigona n'komwe. Konzani zonse masana: nyale zitulutsidwe m'makatoni, ziyesedwe pansi, mawaya adulidwe kale, kuti usiku ukhale wongopachika. Musatsitse nyale zambiri kuposa zimene mungabwezeretse anthu asanabwere. Tchingani pansi pomwe mukugwira ntchito, mangirirani zida ku lamba, chifukwa sipanala yogwa kuchokera kudenga la holo imapha. Pothimitsa magetsi, khomani bolodi ndi loko wanu, kiyi akhale m'thumba mwanu, ndipo yezani waya musanamugwire ngakhale mnzanu atalumbira kuti wathimitsa. M'nyumba zakale mapulani amanama, waya wina amachokera ku bolodi lomwe palibe akulikumbukira. Sitima za kwathu kuno zimayendera dizilo, choncho tilibe mawaya amoyo pamwamba pa njanji. Koma ambiri a inu mudzatsikira pa Park Station kukafuna ganyu ku Joni, komwe mawaya a Metrorail amanyamula mavoti 3,000 ndipo a Gautrain 25,000. Magetsi a 25,000 sadikira kuti muwakhudze, amalumpha. Makwerero a aluminiyamu asayandikire kumeneko, ndipo popanda chikalata chosainidwa chonena kuti mawaya azimitsidwa, musakwere, ngakhale kapitawo atakuopsezani kuti ntchito yatha.

Machubu amene mwatsitsa musawaunjike kuseri kwa depoti kuti ana aziswa posewera. Muli mercury, ndipo chubu chikasweka amasanduka mpweya woti munthu n'kupuma. Abwezereni m'makatoni a nyale zatsopano, asungidwe pouma pokhoma, ndipo funsani a zachilengedwe ku khonsolo njira yovomerezeka yowatayira. Mtengo wa zimenezi ulembedwe mu kotesheni kuyambira pachiyambi, apo ayi palibe adzaulipire.

Yatsala nkhani yovuta kuikamba, ya kugula. Msika wadzaza nyale zolembedwa mawati 200 zomwe mukaziyeza sizifika theka lake. Gulani ma lumen, omwe ndi kuchuluka kwa kuwala, ndipo wogulitsa akupatseni pepala la kumalo oyezera odziwika, osati kabuku kokongola kokha. Tengani nyale imodzi yachitsanzo, muiyeze nokha ndi mita, muitsegule muone m'kati, muisiye ikuyaka usiku ndi usana kwa sabata mumve kutentha kwa msana wake. Katundu akafika, tsegulani makatoni angapo mwachisawawa muone ngati ndi yemweyo, chifukwa chitsanzo ndi zobwera mu kontena sizikhala pachibale nthawi zonse. Za panja ndi za pansi pa denga lotseguka zikhale za IP65 kapena kuposa, zosalowa fumbi ndi madzi, apo ayi pakutha kwa dzinja limodzi galasi lidzakhala manda a tizilombo. Zofikirika ndi dzanja kapena mwala zikhale zolimba, zomangidwa ndi mabawuti ofuna kiyi wapadera. Walanti ya zaka zisanu ili ndi phindu pokhapokha ngati woiperekayo ali ndi khomo loti mungakagogode zaka zisanuzo zisanathe, ndipo muwerenge ngati ikulipiranso wokwera kudenga kapena ikungopereka nyale pa kauntala.

Wina adzakuitanirani pambali n'kukuuzani kuti musaine kuti katundu ali bwino, pali kenakake kanu. Ndikudziwa mmene ndalama imasowera munthu akamayamba ntchito, sindikunyozani. Koma amene wakupatsani envulopuyo dzina lake silikhala papepala. Pamakhala lanu, ndi nambala ya laisensi yanu ya ku MERA. Pakatha chaka nyale zikayamba kufa mzere wonse, iye adzakhala atasintha dzina la kampani, ndipo tauni ya amisiri a magetsi ndi yaing'ono, aliyense amadziwa kuti holo yakuti anaika ndani.

Pomaliza ntchito, bwererani usiku ndi kamita kaja, muyeze malo omwe aja munayeza poyamba, mulembe manambala atsopano pambali pa akale. Siyani mapu osonyeza nyale iliyonse ndi bureka yake, kope limodzi kuofesi, lina lomatidwa m'kati mwa chitseko cha bolodi, poti la kuofesi limasowa bwana akasamutsidwa. Siyani nyale ndi timabokosi tapadera m'sitolo ya siteshoni, chifukwa opanga amasintha mitundu mwamsanga ndipo pakatha zaka zitatu yofanana nayo simudzaipeza. Lembani kuti magalasi azipukutidwa liti, ndi ndani, atakwera pa chiyani. Ndipo mu mgwirizano wanu muikemo ulendo umodzi wolipidwa wodzayezanso kuwala pakatha chaka, dzinja ndi nyengo ya fumbi zitadutsa. Bwana akakana kulipira ulendo umenewo, pitanibe, ndipo manambalawo muwasunge m'buku lanu. Ndi amene mudzaonetse pa tenda yotsatira, wina akadzabwera ndi nyale za theka la mtengo wanu.